Tsiku Limene Ndinakaweruza Mlandu wa Gemu ya Mfuti

Mpaka pano mlongo wanga akandiimbira foni, mtima umayamba wagunda kaye. Tsikulo anangoti, "Adumbu, bwelani msanga, nyumba ino yavuta chifukwa cha gemu." Ndinapalasa njinga kuchoka pa boma mpaka ku Mphamba, tiyi nditamusiya pa tebulo.

Nkhani inali ya Wezi, mwana wa mlongo wangayo, wa giredi faifi. Alamu anamuikira m'foni mwawo gemu yothamangitsana n'kumaomberana mfuti. Mlongo wanga amati mwana sakudya, sakumva kuitana, ndipo akumaloza nkhuku ndi chala n'kumati "phuu!" Alamu amati gemuyo imanola mutu. Awiriwa anali atasiya kulankhulana.

Tinakhala m'chigafa cha fodya. Ine monga malume (munthu amene wailesi ya kunyumba amanditsegulira ndi ana) ndinatsokomola mwaulemu.

"Siningaweluze chinthu chimene sininachione. Wezi, bweletsa foni."

"Asibweni, chala ichi n'chothamangila, ichi n'choombela. Koma musaime, azakuphani."

Ndinaima. Anandipha. Ndinayambanso, anandiphanso ndisanaone n'komwe amene wandiombera. Ndinavula jekete. Posakhalitsa mpando unayamba kundichepera, ndinaimirira, n'kumazinda, n'kumapendekeka ngati zipolopolozo zikudutsadi pakhutu panga. Mlongo wanga akuti anandiitana kangapo (ine sindinamve kanthu). Alamu anabwera kudzasuzumira paphewa panga, nawonso n'kuyamba kulumphalumpha.

"Uyo! Uyo wathawila kuseli kwa nyumba!" ndinakuwa.

"Mupheni, alamu, mupheni!"

"Mayo, wanilasa! Ali na mfuti!"

Chimene sitinaganize n'chakuti mwezi umenewo akuba anali atavuta m'zigafa. Anthu a nyumba zoyandikana atamva mfuwu uja anatola zibonga ndi nkhwangwa, liwiro kuseri kwa nyumba. Kumeneko anapezadi munthu: bambo wina wogula mtedza, akukankha njinga yake mwamtendere, sikelo ali nayo m'thumba. Anamugwetsa pansi, wina n'kumukhalira pamsana.

Anabwera naye m'chigafa, fumbi lili mbuu mpaka m'nsidze. "Adada, ni uyu wakulasani? Chilonda chili pati?"

Ndinadziyang'ana thupi lonse ngati mwina chilonda chingapezeke. M'manja mwanga foni inali ikulirabe mfuti, ndipo chala changa (ndinene zoona) chinali chikudinabe. Wezi ndi amene anayankha.

"Awapha mu gemu chabe."

Ndinagwada pamaso pa bambo uja, ndikumusasa fumbi ndi jekete langa. Anangondiyang'ana n'kufunsa, "Imwe muli na zaka zingati?" Mlongo wanga anamupatsa madzi osamba ndi nkhuku yamoyo, ija Wezi ankakonda kuiombera.

Anthu atabalalika, ndinayesa kubwerera pampando kuti ndipereke chigamulo.

"Khalani chete, adumbu," anatero mlongo wanga. "Taona tonse. Ngati yachita izi na munthu wa imvi, nanga mwana?" Alamu anagwedeza mutu n'kuifufuta gemuyo pomwepo. Wezi sananditsanzike.

Ndiye ana anu musawapatse, ine ndaiona ndi maso anga. Pobwerera ndinaima pa msika wa Lundazi, kwa mnyamata wokonza mafoni, kuti andiikire gemuyo m'foni mwanga. Munthu uja wa m'gemu, wothawira kuseri kwa nyumba, sindinathane naye.