Che Osman ndi Mipeni ya Eni Ake

Pa Nkando panalibe wosadziwa kuti ukapereka mpeni wopinda kwa Che Osman kuti akunolere, subwerako momwe unapitira. Kunola ankanoladi, mpeni mpaka kumeta cheya cha pamkono. Koma manja awo aja sankamva. Akangouona mpeni, ankayamba kale kuganiza choti auwonjezere.

Woyamba kulira anali a Felix a kubutchala. Wawo unabwerako uli ndi sipuling'i ya ambulera.

"Dinani apa," anatero Che Osman. "Utseguka wokha ngati ya ku Joni ija."

Unkatsegukadi wokha, kungoti sunkadikira kudinidwa. Tsiku lina a Felix ali mu minibasi unatsegukira m'thumba la thalauzi, ndipo anatsikira pa Chonde atamanga chitenje chobwereka.

"Che Osman, mukanandipundula inu!"

"Koma unatseguka, eti? Ndiye kwangotsala kuuphunzitsa ulemu."

Wa Bryson wa kabaza anauika loko ya sipoko ya njinga, akuti usamamupindikire zala. Mpaka lero sunapindikenso. Wanga anauboola pachitsulo, akuti polowetsa chala, ndipo ndinatha masiku osawapatsa moni. Titawabweretsera wamakono wa mu Limbe, wa batani, kotsegulira botolo ndi katochi komwe, anauphwasula ife tikuona, n'kutibwezera zidutswa m'jumbo.

"Uwu si mpeni," anatero. "Ndi golosale."

Tinkadandaula, komabe tinkapitanso, chifukwa chimene ankafunafuna tinkachidziwa tonse. Akazi awo, a Rashida, ankasenda zinanazi pa siteji ndi mpeni wa malemu bambo awo, wakalekale, wa mpini wamtengo, wofuna chikhadabo cholimba kuti utseguke. Nyamakazi itawapinda zala, analephera kuutsegula. Wakukhitchini ankaukana, akuti munthu wamkulu sayenda ndi mpeni wosavala. Kupempha anthu a pamsika ndiye ayi ndithu. Choncho m'mawa uliwonse Che Osman ankawaperekeza pa siteji n'kuwatsegulira.

Mwana wawo Binti anali atanena kale kuti tsiku limene mayi adzasowe wowatsegulira, adzawatenga kukakhala ku Blantyre. A Rashida ankati kumeneko n'chimodzimodzi kuwakwirira amoyo. Pamenepo Che Osman chifuwa chinali chitawayamba, chosamva mankhwala, ndipo ankaonda tikuona. Mpeni wa akazi awo ankaopa kuuwononga, n'chifukwa chake ankaphunzirira pa yathu.

"Amake Binti, mawa ndiuyesako wanuwo."

"Muukhudze muone. Mukufuna nane ndikhale nkhani pa Chonde?"

Anauba ndithu, Lachisanu lina a Rashida ali kozonda wodwala. Ife tinayembekezera zoopsa. Bryson ankati mpeniwo ubwerako ndi belu. Koma panalibe sipuling'i, panalibe batani. Anangomangirira kanati kakang'ono ka njinga m'munsi mwa chitsulo, n'kufewetsa pamene mpeni umapindikira.

M'mawa mwake pa siteji anawapatsa mpeniwo uli wopinda.

"Tsegulani."

"Mwayamba misala? Tsegulani ndinu."

"Kankhani kanatiko ndi chala chachikulu. Ine lero manja andikana."

A Rashida anawayang'ana nthawi yaitali, kenako anakankha. Mpeni unangoti khwa! Makondakitala anaimba malikhweru, amayi a tomato n'kululutira. Che Osman anakhala pa benchi akuseka, kuseka kuja n'kusanduka chifuwa. A Rashida okha ndiwo sanaseke. Mvula ya chaka chimenecho isanagwe, tinakawaika Che Osman.

Masiku ano timanoletsa kwa munthu wa makina. Sayankhula, sakangana ndi munthu, ndipo mpeni umabwerako monga unapitira. Ndinene zoona, zimandimvetsa chisoni. Pamene ankakhala Che Osman pali ogulitsa machaja a foni, ndipo ndikamadutsa ndimayang'ana kumbali.

A Rashida ku Blantyre sanapite. Akadali pa siteji pompo ndi beseni lawo la zinanazi. Tsiku lina ndikugula ndinawafunsa ngati mpeni uja ukugwira bwino.

"Bwino kwambiri, achimwene, ngakhale mwana angautsegule," anatero akusenda, osadzutsa mutu. "Kungoti ndikafika m'mawa, dzanjali limaupereka kaye kumbaliku. Ndimachita kulikumbutsa kuti kulibe woulandira."