Zoika m'chikwama cha Pempho

Lolemba

Pempho akunyamuka Lamulungu, ulendo wa ku koleji ku Mzuzu. Mwana wanga ndi yekhayu. Zaka 19, koma nkhope ya mwana wa Folomu 1, ndevu ngakhale imodzi.

Zoika m'chikwama: bulangeti, sopo, chiponde, Baibulo, ndi zinazo. Ndingolemba, kope lilibe maso: makondomu.

Abambo ake tinawaika m'manda iye akukwawa, matenda omwewa. Ndili ndi mantha, sindifuna kuliranso. Koma mayi angakambe bwanji zoterezi ndi mwana wamwamuna? Ndamvanso kuti ogulitsa amafunsa zaka, ndiye ndi nkhope imene ija akamubweza. Ndimugulira ndekha, ndibise m'chikwama. Nkhani yaing'ono!

Lachiwiri

Okala ya a Juma, pakona pathu pano pa Kawale. Makondomu ndikuwaona, ali apo kuseri kwa mabatire. Ndisanatsegule pakamwa, a Juma: "Amake Pempho, lero tikupatseni chiyani?"

Amadziwa kuti ndine wamasiye. Pofika mawa Kawale yense adzakhala atandipezera bambo.

Ndagula mankhwala a mutu.

Lachitatu

Nzeru zabwera! Kulangiza mnyamata ndi ntchito ya malume. Ndaitanitsa achimwene a ku Area 25. Afika atavala jekete, akhala ndi Pempho pansi pa mango. Ine khutu pazenera.

Ayamba bwino: "Mphwanga, dziko lino laterera." Akhosomola. Kenako mtengo wa feteleza, kenako mpira, mpaka tiyi kuzizira. Potsanzika amupatsa kanthu kokulunga m'nyuzipepala, ati akatsegule akafika.

Munthu wa pakamwa ngati wailesi pamaliro, lero lilime lagwa. Ndalama ya minibasi ndawalipirira ndine!

Lachinayi

Ndipite komwe sandidziwa. Famase ya ku Area 23, duku mpaka m'nsidze. Mzere ukuyenda. Kumbuyo kwanga mawu: "Amake Pempho! Mwasochera?"

Mayi Nachisale! Mkulu wa amayi kumpingo kwathu, amene amaona siketi yaifupi ali kutsidya la msewu. Akuti angodutsa. Nanenso ndati ndangodutsa.

Mankhwala a mutu ena. Tsopano mutu ukupwetekadi.

Lachisanu

Kuchipatala chaching'ono. Namwino ndi mtsikana woti ndingamubereke. Ndikuzungulira: pali mnzanga wina, ali ndi mwana wooneka wamng'ono, kodi lamulo likuti ayambe kugula ali ndi zaka zingati?

"Amayi, pa makondomu palibe lamulo la zaka. Ife sitifunsa chiphaso, ogulitsanso sayenera kufunsa. Chimene chimabweza achinyamata ndi maso a anthu basi."

Maso a anthu! Ngati abweza ine wa imvi sabata yonse, nanji mwana? Ndipo lamulo ndimaliopa lija kulibe.

Wandipatsa mu envulopu, ulere, ati ndikamupatse moni mnzangayo. Akumwetulira. Mu minibasi chikwama ndachikumbatira ngati muli mazira.

Madzulo Mayi Nachisale abweretsa kaphukusi ka mtedza, kamba wa mwana. Sakhalitsa.

Loweruka

Pempho wapita kokameta. Mpata ndi uno. Ndikutsegula chikwama kuti ndibise envulopu, nyuzipepala ya achimwene yamasuka. Mapaketi atatu!

Ndati ndiunyamule mtedza, pansi pake pakulira pulasitiki. Ndasuzumira. Ena anayi! Ndiye ku famase kuja amangodutsadi?

Ndaseka ndekha mpaka kukhala pansi. Kenako ndakumbukira kuti Mayi Nachisale nawonso anaika mnyamata wawo woyamba, chaka chomwe tinaika abambo ake a Pempho. Kuseka kwathera m'misozi.

Anga ndawaika m'masokosi.

Lamulungu

Kudepoti. Basi yadzaza, injini ikulira. Pempho watulutsa mutu pawindo.

"Amayi, ine ndikupita kukaphunzira, osati kukatsegula okala."

Nthaka ing'ambike ndilowe! Iye akuseka. Akuti kuchipatala anawaphunzitsa kalekale, aliyense amakatenga yekha akafuna, ndisadandaule.

Ndiye mawu amene andikanika sabata yonse atuluka okha, anthu akumva, wogulitsa mazira akumva: "Kudikira n'kwabwino. Koma tsikulo likadzafika, udzagwiritse ntchito. Ndikufuna ubwere wamoyo."

Wasiya kuseka. Watulutsa dzanja, wagwira langa. "Ndamva, amayi."

Basi yapita. Kutchalitchi ndafika mochedwa, ndakhala benchi limodzi ndi Mayi Nachisale. Sitinayang'anane, angondisendezera buku la nyimbo.

Nyumba yangoti zii. Chinsinsi changa chinali cha mudzi wonse, chabwino, zikhale choncho. Pathebulo patsala mankhwala a mutu mapaketi awiri, ndipo mutu sukupweteka.