Masiku Anayi Pansi pa Dengu

Inu a komiti amene mukusankha munthu wolondolera alendo kuphiri Loweruka likubwerali, werengani kalatayi mpaka pansi, ndipo amene akuti ndikunama abwere kwathu ku kompaundi adzanene pamaso panga, osati kumakanong'ona ku tiyirumu ngati alamu anga a Mulipa. Ndamva kuti ntchitoyi mukufuna kupatsa iwowo chifukwa ali ndi pepala la Folomu 4 ndi foni yoonetsa mapu. Chabwino. Ine ndinalekezera Sitandade 5, sindibisa. Koma muwafunse a Mulipawo ngati anagonapo kutchire ngakhale kamodzi. Munthu woti akamapita kumaliro amanyamula pilo!

Alendo anuwo ndimawaona. Amachokera ku Blantyre ndi matenti a zipi, timbaula ta gasi ndi madzi ogula, amagona kamodzi m'mphepete mwa nkhalango n'kumajambulana ngati apha mkango. Ine ndinakhala pamwamba pa phiri la Thyolo masiku anayi, m'chiperoni, ndili ndi dengu lothyolera tiyi, chikwanje, thumba la feteleza lomwe ndinkamanga m'chiuno, ndi nyemba za kalongonda m'chitini. Basi. Mukumva?

Zinayamba chonchi. Unali mwezi wozizira, ndipo akapitawo athu a Nampinga anandipatsa mzere wakumtunda kwenikweni m'munda nambala 9. Inu a muofesi simudziwa, ndiye ndikuuzeni: wothyola tiyi sasiya mzere wake. Ukadumphira wa mnzako ndi ndewu, ndipo akapitawo amakubweza kunyumba tsiku lomwelo. Ine zaka makumi atatu ndi chimodzi sindinadumphepo mzere, ngakhale ukapitawo ankangopatsa anthu ondipeza.

Cha m'ma 10 koloko chiperoni chinatsika. Osati kankhungu kamene mumaonera pawindo la galimoto ayi, chimene chinatsika tsiku limenelo chinali cholemera moti chinandigwetsera chipewa, ndikatambasula mkono ndinkachita kuukoka ndi unzake kuti ubwerere, ndikaitana anzanga mawu ankangogunda pamphuno n'kubwerera m'kamwa, ndipo njiwa ina imene inkadutsa inakanirira m'mwamba mapiko ali tambasu, mpaka ndinachita kuithyola ngati peyala n'kuiika m'thumba kuti ikhale ndiwo.

Wina akanalira. Ine ndinati mzere wanga ndi uwu, ndiutsata, kumene ukathere n'komweko. Ndinayenda dzanja lili pa tiyi, ndinayenda, miyendo ikundiuza kuti tikukwera, mzere osatha, ndinayenda mpaka majombo anatha kunsi ndikupondera masokosi, masokosi anatha ndikupondera chikopa changa. Amene anadzala tiyi mpaka pamwamba pa phiri sindimudziwa, koma tiyiyo analipo. Panjira ndinadutsa mitengo ya mbawa khumi ndi iwiri, yonse yopendekera kumanzere, yonse yothyoka nthambi yofanana, uliwonse ndi chulu chake patsinde. Phiri limeneli lili ndi zodabwitsa zimene m'foni mulibe.

Pofika madzulo ndinadziwa kuti ndafika kumene munthu sanapondeko. Tenti ndinalibe, ndiye ndinasolola chikwanje n'kuyamba kudula nkhunguyo njerwanjerwa, ndinamanga nyumba ya zipinda ziwiri ndi khonde lake, denga ndinavundikira dengu, chitseko ndinapachika thumba la feteleza, zidutswa zotsala ndinafinyira m'chitini n'kupeza madzi ophikira. Machesi ndinalibenso. Koma mano anga ankagundana ndi kuzizira mpaka kuthetheka, ndiye ndinangoyandikiza kamwa pa udzu, moto n'kuyaka. Mano awiri akutsogolo amene ndilibewa anapsera pamenepo. Bwerani mudzaone, mpata wake ulipo mpaka lero.

Pa nkhani ya kalongonda ndiyankhiretu. Aliyense kuno amadziwa kuti kalongonda amaphikidwa tsiku lonse, kutaya madzi kangapo, apo ayi amazunguza mutu. A Mulipa amauza anthu kuti ndinadya wosapsa, ndiye zonse ndinaonazo zinali za m'chitini. Bodza! Madzi ndinataya, kamodzi kathunthu.

Tsiku lachiwiri m'mawa ndili pakhonde kuotha moto, kunatulukira nyalugwe wamkulu ngati thirakitala yonyamula masamba. Sanapereke moni, anangondilumphira. Mutu wanga unali usanaganize kanthu, koma manja a wothyola tiyi sadikira mutu. Iwo amadziwa chinthu chimodzi: masamba awiri ndi kansonga, kuponya kumsana. Ndiye anangoti thyo, thyo, thyo, makutu awiri ndi nsonga ya mchira, n'kuponya kumsana monga mwa ntchito, ngakhale dengu linali padenga. Chilombo chija chinaima, chinadzipapasa kumutu, chinandiyang'ana ngati munthu amene akanidwa masamba pasikelo, kenaka n'kuthawa chikulira kwee, kwee! Mukumva? Kwee, kwee, nyalugwe wathunthu!

Anyani anaona zonsezo ali m'mitengo. Tsiku lachitatu anabwera makumi asanu, zipewa analibe koma ulemu unalipo, anakhala pansi kudikira kuti ndiyankhule. Ndinawagawira mizere, ndinawaonetsa kagwiridwe kake, ndipo pofika masana anali atathyola masamba odzaza chigwa chonse, opanda tsamba lokhwima ngakhale limodzi, palibe anadumpha mzere wa mnzake, palibe anapempha kupita kuchipatala, ndipo mkulu wawo ankandinyamulira chikwanje kumbuyo. Anyani anazindikira kapitawo tsiku limodzi. Kampani inalephera zaka makumi atatu ndi chimodzi.

China chimene sindinauzepo abusa n'chakuti mizimu ya paphiripo ili ndi fakitale yakeyake. M'mawa uliwonse ndinkamva sayirini ikulira chapafupi, nthawi yake yofanana ndendende ndi yathu, ndi fungo la tiyi wouma likubwera ndi mphepo. Sindinapiteko. Choyamba, kwa mizimu sapita wosaitanidwa. Chachiwiri, kunali kusiya mzere.

Tsiku lachinayi dzuwa linatuluka, nyumba yanga inanyamuka yonse ndi khonde lomwe kupita kumwamba, ine n'kutsala chogona, dengu lili kumutu. Nditavundukula ndinaona mapazi. Mapazi ambiri. Mayi a kunyumba, amake Esinati, anali ataima manja ali m'chiuno, pambali pawo a Nampinga, kumbuyo gulu lonse ndi madengu.

"Bambo a Esinati, mukutani apa? Ife tatumiza kale uthenga wa maliro kumudzi ku Makwasa!"

"Ndatsika kuphiri, amayi."

"Phiri liti, akulu?" anatero a Nampinga. "Sikelo ndi iyo apo."

Inalidi apo. Mapazi makumi atatu kuchokera pamene ndinagona.

Tsopano apa ndi pamene adani anga amagwira. Amati mizere ya munda nambala 9 inadzalidwa mozungulira kachitunda ngati lamba, ndiye munthu woutsata osausiya amangobwerera pomwe anayambira. Izo ndikuvomera, inadzalidwadi choncho. Amati mtengo wa mbawa m'mundamo ndi umodzi. Lero ndi umodzi, inde. Amatinso sabata yomweyo galu wa alonda anapezeka alibe makutu ndi nsonga ya mchira. Zimenezo mukafunse galuyo kumene ankayenda, ine sindiweta agalu.

Koma pali chimene a Mulipa sanena ku tiyirumu. Masiku amene ntchito inaima ndi chiperoni aja, iwowo ndi amene anatsogolera amuna asanu ndi mmodzi kukandifuna kunkhalango, foni ili patsogolo ngati tochi. Anakatulukira ku Thyolo Boma, kuseri kwa msika, wina alibe nsapato, n'kubwerera pa minibasi. Ine amene ndinkafunidwa ndi amene sindinasowe. Ndinali pamzere wanga.

Ndiye Loweruka muganize bwino. Mukapatsa alamu anga, alendo anu mudzakawatola ku Boma, kapena osawatola n'komwe. Mukapatsa ine, adzagona m'nyumba ya khonde, adzaona nyalugwe, adzawerenga mitengo ya mbawa khumi ndi iwiri, ndipo ngakhale nditasochera nawo chotani, podzuka adzapezeka pafupi ndi sikelo. Pepala la Folomu 4 lingalonjeze zimenezo?