Ndinasiya Che Amidu Tsidya la Zambezi

Ndinalakwa. Ndiyambe ndi mawu amenewo, kuti inu a pa Mbulumbuzi amene mumakwera njinga zanu ndikangotsegula pakamwa mudziwe kuti lero sindikufuna kutamandidwa. Koma wina asanene kuti ulendowo sunachitike. Unachitika, Mulungu ndi mboni, ndipo wokayika abwere adzandiyang'ane m'maso.

Tinali awiri, ine Petulo ndi Che Amidu a ku Nchema, mnzanga wa paubwana amene ankagula nandolo m'midzi. Tinatenga galimoto ya hayala ku Limbe kuti tikapikule katundu ku Joni, kudzera ku Zambia ndi ku Botswana. Mwini wake anatilembera kalata yolola kutuluka nayo m'dziko, woyendetsa ndinali ine. Ndipo kuyendetsa kwake! Ndinanyamuka pa Limbe tambala atangotsegula kukamwa, pofika ku Mchinji anali asanamalize kulira, a pa malire anadinda mapepala a galimoto mpaka chidindo chinatentha n'kuyamba kufuka, ndipo m'Zambia ndinathamanga mwakuti mthunzi wa galimoto unatsalira m'mbuyo n'kudzatipeza ku Livingstone uli wefuwefu. Mukumva?

Pa Kazungula nthawi imeneyo mlatho panalibe. Galimoto zinkawoloka Zambezi pa pantoni, chibwato chachitsulo chophwatalala. Lamulo lake, m'galimoto mumatsala dalaivala yekha, ena onse amatsika n'kukwera wapansi. Mzere wa malole unali wautali mwakuti dalaivala wina wa kumapeto anakwatira pomwepo, anabereka, ndipo loleyo anadzaiwolotsa ndi mwana wake.

Che Amidu anatsika, anayang'ana dzuwa.

"Che Petulo, nthawi ya swala yakwana. Ndikapemphere apo, mundidikire."

"Pitani, achimwene. Mzere uwu ngakhale muswali mpaka Ramadani, susuntha."

Anavula jekete n'kuisiya pampando. M'thumba mwake munali pasipoti yawo.

Atangochoka, wa pantoni anakuwa kuti patsala kampata ka galimoto yaing'ono imodzi. Ndinawaona Che Amidu pansi pa mtengo, mphumi ili pansi. Ndikanatha kudikira. Koma madalaivala a malole ankandiyang'ana, ndipo ndinali nditawauza kale kuti mwamuna wa ku Chiradzulu sagona pamzere. Ndinaponda moto.

Pakati pa mtsinje injini ya pantoni inazima, madzi n'kuyamba kutikokera ku mathithi, azimayi akulira, mbusa wina akuulula machimo ake kwa wogulitsa nsomba, ine ndinangobwerera m'mbuyo mpaka matayala akumbuyo analendewera m'madzi, ndinaponya giya, matayala n'kuyamba kupalasa, pantoni yonse ndi malole ake inanyamuka ngati yalumidwa ndi mavu, mvuu zitatu zinagwirira bampala kuti zikwere ulere, ng'ona ina inameza paipi ya utsi ndipo mpaka lero imafuka m'mphuno, tinakagunda gombe mwamphamvu mwakuti dziko la Botswana linasunthira kumwera pang'ono. Kaoneni pa mapu ngati ndikunama. Mukumva? Anthu anandinyamula m'mwamba.

Ndili m'mwambamo ndinacheuka. Tsidya lina panaima kamunthu kovala kapu yoyera, dzanja lili m'mwamba.

Kubwerera kunatanthauza kudinditsanso mapepala, kukhala pamzere ngati wina aliyense, ndi kusekedwa ndi omwe anandinyamula aja. Ndinapitirira. Msewu wa ku Botswana ndi wowongoka, ulibe phiri, ulibe munthu wokupatsa moni. Ndinayenda ndi jekete ija pampando, ndikuiuza nkhani, iyo osayankha. Pobwerera ndinadzera ku Zimbabwe ndi ku Tete kuti ndisauonenso mtengo uja.

Kuno ndinauza akazi awo kuti Che Amidu atsatira mkazi wina ku Livingstone. Bodza limenelo lokha, mwa mabodza anga onse, anthu analikhulupirira.

Che Amidu anafika patapita miyezi, atagona m'maselo chifukwa chosowa mapepala, atawonda ngati phesi. Anali pachikamwini. Anapeza ankhoswe atathetsa banja, katundu wawo ali kwa mlongo wawo, ana awo atauzidwa kuti bambo anawathawa. Sanandisumire kulikonse. Ankangoti tikakumana pamsika, amandidutsa ngati chitsa.

Tsopano ndakalamba. Mayi a kunyumba anatisiya, ana ali m'tauni, pakhonde panga pamabwera nkhuku zokha. Ndikakhala ndekha ndimavomera kuti mwina mvuu inali imodzi, ndipo inali patali, ndipo mwina injini ija anailiza ndi makaniko wawo. Koma kamunthu ka dzanja m'mwamba kaja sikachepa, sikachoka.

Sabata yatha ndinamva kuti Che Amidu akudwala kwambiri. Ndinaopa kuti apita ana awo akuwayesabe wothawa. Ndinayenda wapansi mpaka ku Nchema. Ndinawapeza pamphasa, maso sakuonanso, mwana wawo wamkazi akuwamwetsa madzi, iye nkhope atayang'anitsa kumbali.

"Ndani ameneyo?" anafunsa Che Amidu.

"Ndine Petulo."

"Wa ng'ona yosuta uja? Mwabwera kudzatisunthira Chiradzulu?"

Mwanayo anafuna kuchoka. Ndinati, "Mayi, khalani, mumve ndinu." Ndinagwada, mawondo akulira.

"Che Amidu, ku Livingstone kunalibe mkazi. Ndinakuonani mukupemphera, ndinadziwa kuti pasipoti yanu ili ndi ine, ndipo ndinakusiyani dala. Banja lanu ndinapasula ndine. Pepani, achimwene. Ndikhululukireni."