Ndevu za Sable Maid

"Mukangokhudza ndevu izi, bwana, kuofesi kwanu mubwerera mosambira!"

Amenewo anali malemu Wilbert Zwicker, kaputeni wa Sable Maid, kasitima kokankha sitima zankhondo padoko pathu pano, akuwuza lefutenanti wina amene anabwera ndi chimphira choti amange pamphuno pa kasitimako. Wilbert ankadziwika ndi ndevu. Osati zake, ayi, zakezo tinali titsitsi tinayi ngati mbuzi yodwala. Ndikunena chimtolo cha zingwe chimene ankaluka yekha n'kupachika kutsogolo kwa Sable Maid, kuti pokankha asakale penti ya sitima ya eni.

M'mawa uliwonse, kaya kuzizire mpaka mamina kuuma, ankazipesa ndi chipeso cha hatchi. Hazen Boutilier, mkulu wa injini, ankasuzumira kuchokera pansi.

"Madala, akazi anu munawapesako chonchi?"

"Akazi anga anakankhapo sitima? Bwerera kudzenje kwako, mbewa iwe!"

Chaka chimene shedi yapadoko inapsa, Sable Maid inathamanga kukathira madzi. Kamoto kamodzi kanagwera m'ndevu. Wilbert anakuwa kuti paipi itembenuke.

"Nanga shedi?" anafunsa Hazen.

"Shedi amanga ina! Ndevu zimatenga miyezi isanu!"

Denga linagwa, ndevu zinapulumuka.

Ndiye kunabwera mbalame n'kuikira mazira momwemo. Mukuganiza anaithamangitsa? Masabata atatu athunthu Sable Maid inkakankha sitima zankhondo ndi matako, asilikali ali ndandanda pamwamba, akulumira milomo kuti asaseke pamaso pa mabwana awo.

Sekani, koma mumve izi. Zaka makumi atatu ndi ziwiri, sitima zopita kunkhondo, zobwera zopunduka, m'chifunga choti sungaone dzanja lako, Wilbert sanasiyepo kachizindikiro ngakhale kamodzi pa penti ya sitima ya eni. Akamaliza kukankha ankanyowetsa chala ndi malovu, n'kupukuta pamene wagunda, n'kumuonetsa Hazen.

"Waona?"

"Ndaona malovu."

Anamwalira mu Febuluwale, ali pampando kunyumba, chingwe cha ndevu zatsopano zimene ankaluka chili pamiyendo. Hazen, yemwe uja wonyoza, anachitenga nati amalize yekha. Analimbana nacho masabata awiri, zala mpaka matuza, chimene chinatuluka ngakhale mbalame sikanachifuna. M'mawa padoko pamangoti zii. Hazen amasuzumirabe kuchokera pansi, mwano uli kale pakamwa, koma woti amutukwane palibe.

Maluwa asanaume pamanda, akuofesi anadula ndevu zija n'kumangapo chimphira chija. Sitima yoyamba kukankhidwa inachoka ndi chimzere chakuda, kutalika ngati basi. Kalata inatuluka mawa lake: Sable Maid yakalamba, siwongoleka, ipite kukaphwanyidwa.

Hazen analowa muofesi osagogoda, ovololo ili mafuta okhaokha, n'kuponya kalatayo patebulo.

"Yakalamba? Injini ija ndimaisamala ndine, imalira ngati mwana wakhanda! Zaka zonsezi sinakalepo sitima, lero mukuinamizira chifukwa mwini wake sangayankhe?"

"Bambo Boutilier, khalani pansi," anatero bwana wa muofesimo.

"Sindikhala! Mzere uja anajambula ndi mphira wanu. Amene analamula kuti ndevu zidulidwe atuluke pano, adzanene ndi pakamwa pake kuti wolakwa ndani. Ali kuti?"