Gelesomu ndi Nkhuku Yosawola

Poti magetsi athimanso ndipo filimu yanu yaimira pakati, khalani pa mabenchi pomwepo ndikuuzeni kumene unachokera mwambi uja munkakanganirana dzulo. Aphunzitsi anu adzati ndi wamakedzana. Asiyeni. Mwambi umenewu unayambira pa Mponela pano, ndipo unayamba motere. Ndikusimba mutu uli pansi, chifukwa mwini nkhaniyi ndi achimwene anga, bere limodzi.

Achimwene angawo, a Gelesomu Kamtedza, ankakonza njinga kuseri kwa msika. Manja awo anali abwino, koma anali ndi nthenda imodzi: mabuku a ofufuza milandu yakupha. Ankagula akutha, opanda zikuto, kwa anthu oyala mabuku pansi ku Lilongwe. Filimu iliyonse yochokera m'mabuku otere ankadzaionera muno mwanga, pa benchi lakutsogolo ili. Isanafike pakati ankatembenuka n'kuuza holo yonse kuti wapha ndi uje. Kawirikawiri ankaphonya, koma zophonyazo sankazikumbukira.

Mwana wawo Esinta anali pa chibwenzi ndi Wikilifi, mwana wa a Nachisale, mayi wamasiye amene ali ndi nyumba yogona alendo kumunsi kwa msewu. Kunali kutatsala milungu iwiri kuti chinkhoswe chichitike.

Ndiye achimwene anapita ku maliro ku Ntchisi, n'kukhalako sabata yathunthu. Ali komweko, kuno kunafika achinyamata odzajambula filimu. Nkhani yake anaitenga m'buku lina latsopano, la mkazi wothira poizoni m'chakudya cha mwamuna wake. Anabwereka bwalo la a Nachisale, ndipo atamva mmene mayiwo amayankhulira, anawapempha kuti akhale mkazi wa mufilimuyo. Mponela yense ankadziwa zimenezi, kupatula munthu mmodzi.

Tsiku lobwerako, achimwene akudutsa kuseri kwa mpanda wa a Nachisale anamva mayiwo akuyankhula okha.

"Ndathira kale m'nkhukumo. Akangodya, dzuwa la mawa saliona."

Kenako mawu omwewo anabwerezedwa, ulendo uno motsitsa. Achimwene anasuzumira pa kampata ka udzu. Anaona tebulo pansi pa mtengo wa mango, nkhuku yowotcha ili m'mbale, ndi galimoto yachilendo ya magalasi akuda. Anafika kunyumba akuyenda monyang'ama ngati pansi pali minga.

"Mwayenda bwanji, bambo a Esinta?" anatero alamu anga. "Kunotu kwachitika zazikulu. Kwa asewere athu kuja..."

"Ndazimva kale ndi makutu anga. Musanenenso, mungandisokoneze mutu."

"Mwamva kale? Ndiye si zosangalatsa zimenezi?"

Achimwene anawayang'ana akazi awo nthawi yaitali, n'kutulutsa kope lolembamo masipoko ndi machubu. Analemba kuti: Mayi a Esinta akudziwa, ndipo akusekerera.

Madzulo ake anabwera kuno kudzabwereka chipewa changa chadzuwa. Anati pali munthu akumutsata, koma dzina sanatchule.

"Bwanji osangopita kukamufunsa munthuyo?" ndinatero ine.

"Achemwali, m'mabuku onse amene ndawerenga, wofufuza akafunsa wakupha, tsamba lotsatira amapezeka m'chitsime."

Ine ndinaseka n'kuwapatsa chipewa. Ndikanaumirira pang'ono, bwenzi lero ndikukuuzani mwambi wina.

Masiku atatu njinga za anthu zinakhala zosakonzedwa. Achimwene ankaswera m'khola la nkhumba logundana ndi mpanda uja, atagona chafufumimba, diso pa kampata. Kampatako kankaonetsa tebulo ndi galimoto basi. Kamera ndi ojambula ankaima kumbali, kosaoneka.

Tsiku loyamba anaona bambo wonenepa wa malaya oyera atakhala patebulo. Ananyamula ntchafu ya nkhuku, kenako anagwira pakhosi, n'kugwa ndi mpando womwe. Mawu a mtsikana anamveka akuti, "Dulani." Anyamata awiri anamukulunga bamboyo m'bulangete n'kumulowetsa m'galimoto. Achimwene analemba kuti: Mmodzi wapita. Akufuna kudula mtembo.

Mawa lake ojambula anabwereza gawo lomwelo, poti dzuwa la dzulo silinawakomere. Bambo uja anagwanso, atavala malaya ena. Achimwene analemba: Wachiwiri. Akufanana kwambiri ndi woyamba. Mwina mapasa.

Loweruka masana anavala jekete ya ku tchalitchi, n'kuitana ankhoswe a mbali zonse ziwiri, mkulu wa mpingo, akazi awo ndi Esinta. Inenso ndinaitanidwa.

"Tiyeni mukaone banja limene mukufuna kuperekako mwana wanga," anatero.

Tonse tinkayesa akufuna kukationetsa filimu ikujambulidwa, ndiye tinapita tikucheza. Mkulu wa mpingo anachita kupesa tsitsi panjira. Titafika, ojambula anali m'nyumba akudya. Pabwalo panali tebulo lija, nkhuku ili pomwepo. A Nachisale anatuluka akupukuta manja pa chitenje.

"Takulandirani, asewere. Pepani ndi maliro. Wikilifi, tulutsa mipando."

"Mipando isabwere," anatero achimwene. "Mayi, pabwalo pano pafa anthu awiri sabata ino. Wawapha ndinu. Chinkhoswe chatha, mwana wanga sadzadya m'nyumba muno."

Anatsegula kope n'kuyamba kuwerenga, tsiku ndi ola lomwe. Nkhoswe wa kuchimuna anatsegula pakamwa, achimwene n'kukweza dzanja. Alamu anga anati, "Bambo a Esinta, imeneyo ndi..." koma anawadula.

"Inu dzina lanu lili pa tsamba lachiwiri. Dikirani nthawi yanu."

A Nachisale sanaseke. Anangoima, manja ali m'chiuno, maso akulengeza misozi. Amuna awo anamwalira mwadzidzidzi zaka zisanu zapitazo, ndipo nthawi imeneyo anthu ena ananong'ona zonyansa. Mawu a achimwene anagwera pa chilonda chimenecho.

"Umboni wanu uli kuti, asewere?" anafunsa motsitsa.

"Si uwu."

Achimwene anatola ntchafu ija. M'mafilimu awo wofufuza amangolawa ndi nsonga ya lilime n'kutchula dzina la poizoni. Iwo analawa, osamva kanthu. Ananyambita, osamva kanthu. Anthu onse tikuwayang'ana, anaona kuti kubwerera sikutheka, ndipo analuma chinthuli chachikulu.

Anatafuna. Nsagwada zinayamba kulemera. Milomo inasanduka yofiirira, mano akumamatirana, koma anakakamiza mpaka kumeza.

"Ndi wamphamvu," anatero movutikira. "Lilime lauma kale. Mukhale mboni."

Anavula jekete, kuipinda bwinobwino, n'kugona chagada pansi pa mango paja. Anaitana akazi awo, ndipo poti munthu wakufa sabisa kanthu, anayamba kuulula. Anati mabuku achingerezi aja sanamalizepo ndi limodzi lomwe, ankangowerenga masamba asanu oyamba ndi awiri otsiriza. Anati masiku atatu aja sanali kogula masipeyala monga ananenera, anali m'khola la nkhumba. Anati nsapato za alamu anga zimene zinasowa pa Khirisimasi anazidula iwo kuti apange zigamba za mabuleki. Esinta anaphimba nkhope ndi mpango. Ine ndinkangoyang'ana zala zanga zakumapazi.

Phokosoli linatulutsa ojambula m'nyumba. Patsogolo panali mtsikana wotsogolera filimuyo, dzina lake Chikondano, ndipo pambuyo pake panali bambo wonenepa uja akukukuta chimanga chowotcha. Achimwene anadzutsa mutu, n'kumuyang'anitsitsa.

"Inu ndinu woyamba kapena wachiwiri?"

"Ndine Mateketa, bambo. Ndimaphunzitsa masamu ku Dowa."

Chikondano anatola chotsala cha ntchafu chija, n'kuona malo a mano. Anagwada pambali pa achimwene mwaulemu wake wonse.

"Bambo, tikujambula filimu. Nkhukuyi ndi phula. Tinagula kwa oweta njuchi, kuumba, n'kupaka polishi wa nsapato. Yeniyeni ikanawola, poti tebulo lomweli talijambula masiku asanu padzuwa. Simufa ayi. Koma mwatidyera ntchafu, ndipo mawa timafuna kuijambulanso."

Palibe anaseka nthawi yomweyo, ndipo ndicho chinapweteka kwambiri. Achimwene anagonabe pansipo, maso ali m'masamba a mango. Ndikhulupirira ankapempha kuti phulalo lisinthe maganizo liwaphe ndithu. Kenako anadzuka, kutola jekete, n'kutulukira pa khomo lakuseri, lodutsa kukhola kuja.

Masiku anayi sanatuluke m'nyumba. Esinta sankawayankhula. A kuchimuna anatumiza mawu akuti chinkhoswe chiime kaye, mpaka a Nachisale atanena okha za kukhosi kwawo. Tsiku lachisanu achimwene ananyamula tambala, ine ndi nkhoswe wawo tikuwaperekeza, n'kukagwada pakhonde la mayiwo.

"Asewere, ndalakwa. Ndilibe mawu."

A Nachisale anatuluka n'kuima patsogolo pawo.

"Munagona ndi nkhumba masiku atatu," anatero, "pamene khomo langa linali lotsegula. Mukanangoti odi, ndikanakupatsani mpando ndi tiyi, mukanaonera zonse mutakhala. Ine anthu ananditchulapo kale mfiti, sindinafe. Koma munanena pamaso pa mwana wanga. Mukapepese kwa iye, ndi kwa wanu yemwe. Tambalayo musiyeni, ana alibe mlandu."

Chinkhoswe chinachitika, mochedwa ndi sabata imodzi. Achimwene anakhala kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi madiramu a madzi. Ankhoswe atagawana nkhuku monga mwa mwambo, a Nachisale anatenga ntchafu n'kuyenda nayo okha kudutsa anthu onse, mpaka kukagwada pamaso pawo. Achimwene anailandira ndi manja awiri. Anaitembenuza uku ndi uku, kuinunkhiza, kenako anafunsa ndi timawu tating'ono:

"Pepani asewere, iyi ndi yeniyeni?"

Apa m'pamene Mponela anaseka, mpaka oimba anasiya kuimba. Nkhoswe wa kuchimuna, akupukuta misozi, anati, "Taonani, lero afunsa." Kuyambira tsiku limenelo dzina la Gelesomu linazimirira, ndipo munthu akamathamangira chinthu chimene sakuchidziwa, pamene odziwa ali pambali pake pomwepo, timangomuuza kuti: Safunsa anadya phula.