Tsiku limene ndinakoka mkwatibwi pa damu

Chithunzi cha ukwati wa Chisomo chili pakhoma kwathu, koma alendo akabwera ndimaima chochitsekereza ndi msana. Mayi a kunyumba ndiye amachita kundisuntha dala.

Ndine makaniko pa esiteti ina ya tiyi kuno ku Thyolo. Pa esitetipo pali damu lothiririra tiyi, ndipo m'mbali mwake munali boti lachitsulo limene linkangodyeka ndi dzimbiri. Amanijala atandilola, ndinalikonza n'kuikamo injini ya galimoto yakale. Funso linatsala limodzi: injiniyo izizizira bwanji?

Njira zinali ziwiri. Kuika rediyeta ngati m'galimoto, madzi omwewo azingozungulira mkati, kapena kuponya paipi pansi pa boti, injini izikoka madzi a m'damu, akatentha izilavula kumbuyo. A Nakoma, anzanga a ku garaja, ankafuna rediyeta.

"Achimwene, madzi a damu ili ndi a tiyi, si a injini," anatero.

"Inu a Nakoma, munthu ali pamwamba pa madzi n'kusenzanso madzi ena? Boti lilemera, silithamanga." (Ndiulule, chimene ndinkafuna ine ndi liwiro. Pa damu loti ukatsokomola tsidya lino, a tsidya linalo amati pepani.)

Ndinasankha paipi. Ndinayesa mu Okutobala, madzi ali mbee, ndipo boti linathamanga mpaka othyola tiyi anatula madengu n'kumaonerera. Ndinatupa, abale.

Tsono Chisomo ndi mwana wa mlongo wanga, ndipo bambo ake anamwalira iye akukwawa. Kwathu kuno malume ndiye mwini mbumba, ndiye nkhani ya ukwati wake itapsa ndinafuna kumpatsa chinthu choti asadzaiwale.

"Anzako amajambulitsa m'mizere ya tiyi ngati akupita kokathyola," ndinamuuza. "Iwe udzajambulidwa pamadzi."

Mwanayo analumpha ndi chimwemwe, n'kuuza Luchenza yense.

Ukwati unali mu Januwale, mvula itakokolola katondo yense wa m'mapiri kumuthira m'damu. Madzi anali psuu. Ndinawaona ndithu, koma ndinati madzi ndi madzi. Nkhafi nazo ndinazisiya kumtunda poti zimanyansitsa chithunzi.

Titatuluka m'tchalitchi tinakwera boti atatu: mkwati, mkwatibwi ndi ine m'suti yanga imodzi yomweyo. Wojambula anatsala kumtunda ndi aperekezi. Ku holo ku Luchenza anthu anali atayamba kale kudikira perekaniperekani.

Poyamba zinali bwino, velo ikuuluka, amayi akululutira. Titafika pakati, madzi olavula kumbuyo aja anayamba kudontha ngati mpopi wa m'chilimwe. Kenako fungo la labala wopserera. Kenako nthunzi tolotolo, injini n'kukhosomola kawiri, zii.

"Malume, utsiwu ndi wa chithunzi?" anafunsa mkwati, mnyamata waulemu wa ku Mphuka.

Ndinazula paipi ija. Munali thope, masamba ovunda ndi mbululu, ana achule aja, atathinana ngati anthu m'minibasi. Ndinapemerera ndi pakamwa. Zina zinatuluka, zina ndinameza. Injini inakana ndithu, inali itapsa.

Mkwati anavula nsapato kuti apalase nazo, boti n'kumangozungulira pamodzimodzi. Ndipo kumwamba kunayamba kuda. Nditayang'ana Chisomo ndinaona wakwinya diresi lake loyera m'manja kuti lisakhudze pansi, misozi ili lengelenge. Mtima unandipweteka zedi. Mwana wamasiye, tsiku lake limodzi lokhali, malume ake n'kumuika pakati pa damu chifukwa cha matama.

Ndinamanga chingwe m'chiuno n'kudumphira m'madzi, suti, tayi ndi zonse. Mwayi wake katondo uja anali atakwirira damu, madzi anandilekeza m'khosi. Ndinayamba kukoka ngati ng'ombe ya pangolo, phazi lililonse ndikulizula m'thope. Nsapato zanga zili komweko mpaka lero. Amayi a kumtunda, m'malo mondimvera chisoni, anayambitsa nyimbo ya ukwati mogwirizana ndi mayendedwe anga, ndipo wojambula sanaphonye. Nditacheuka ndinapeza Chisomo akuseka mpaka kugwira pamimba. Diresi linafika kumtunda lili mbee.

Ku holo tinachedwa, ndipo mawu a malume ndinayankhula nditavala ovolosi ya a Nakoma. Iwo sananene kanthu za rediyeta. Anangondifunsa ngati achule ndinawapatsa khadi la ukwati.

Chithunzi chija anabweretsa yekha Chisomo. Pachithunzipo iye ndi mwamuna wake ali m'boti, kutsogolo kuli mutu wofiira wotuluka m'madzi, tayi ikuyandama.

"Malume, bambo akanakhalapo akanandiperekeza pa msewu," anatero. "Inu munandikoka pamadzi. Musadzachichotse pakhoma."

Ndinalowa kuchipinda kukapukuta m'maso.

Rediyeta sindinaikebe. Injini ina ndinaipeza, ndipo kukamwa kwa paipi ndamangako sefa ya tiyi ya mayi a kunyumba, imene akuifunabe. Mng'ono wake wa Chisomo, wa bambo ena, akukwatiwa chaka chino. Wanditumizira kale uthenga kuti iye akajambulitsa m'mizere ya tiyi.